Kalata ya Dona ndi Pepala la TEVETA

Kwathu ku Rufunsa, mnyamata akanena kuti akufuna kukaphunzira zophika ndi ndalama za CDF, amasekedwa mitundu iwiri. Anzake amamufunsa kuti, "Iwe, manje ukwatiwa liti?" Akuluakulu saseka mokweza. Amangopukusa mutu n'kuuzana kuti, "Mwana uyu, giredi 12 yonse ija, mapeto ake ukaboyi." Mukatchera khutu bwino muona kuti magulu awiriwa akutsutsana. Anyamata akuti kuphika ndi kwa akazi. Amadala akukumbukira nthawi imene kuphika kwa malipiro kunali kwa amuna okhaokha, ndipo sanaiwale zimene ntchitoyo inkawachita amunawo. Onse akunena zoona, kungoti akunena za makhitchini osiyana. Ine ndinadutsa m'kakoleji kakang'ono ka zophika mu Lusaka, ndipo agogo anga aamuna anali khukhi wa azungu, choncho kuseka konseku ndinakulawa. Ndikufuna tione kumene kunachokera, chifukwa wina mwa inu ali ndi fomu ya bursary m'manja pakali pano ndipo akuzengereza kuilemba.

Boma la Rufunsa ndi la dzulodzuloli. Linadulidwa ku Chongwe mu 2012, nthawi ya Pulezidenti Michael Sata. Koma dziko lake ndi lakale, la Asoli, la mafumu Mpanshya, Bunda Bunda ndi Shikabeta, ndipo chimene chinalisintha kwambiri ndi msewu. Great East Road imalowa m'bomali mukangodutsa Chongwe, imapyola pa Chinyunyu pamene madzi otentha amatumphuka pansi, n'kumakhota m'mapiri mpaka kukatsikira ku Luangwa. Panyumba ambiri timalankhula Chisoli, pamsewu Chinyanja, ndipo Chinyanjacho chinabwera ndi mapazi a anthu odutsa.

Msewuwu unalumikiza Fort Jameson, amene lero timati Chipata, ndi njanji. Kampani ya British South Africa, imene inalamulira dziko lino mpaka 1924, inaika msonkho wolipira ndi ndalama, ndipo ndalama sizimera m'munda wa mapira. Amuna anayamba kuyenda. Ena analowera ku Salisbury, ena ku mgodi wa Broken Hill, kenako ku migodi ya mkuwa. Likulu litasamuka ku Livingstone kubwera ku Lusaka mu 1935, nyumba za akuluakulu a boma zinachuluka pa Ridgeway, iliyonse ikufuna wophika, wochapa, wosesa ndi wa m'dimba. M'zaka zomwezo za m'ma 1930 mlatho woyamba wa pa Luangwa unamangidwa ndi ndalama za Beit Trust, ndipo anthu a kum'mawa ndi a ku Nyasaland anayamba kudutsa m'midzi yathu mwaunyinji, akupempha madzi ndi pogona. Ena mwa iwo anali ndi kapepala kopindidwa bwino m'thumba la malaya, kokulungidwa m'kansalu kuti kasanyowe. Kapepala kameneko ndiko kanali satifiketi yoyamba ya zophika m'dziko muno.

Mayi wina wofufuza za chikhalidwe cha anthu, Karen Tranberg Hansen, analemba buku lotchedwa Distant Companions, limene linatuluka mu 1989. Limasimba za antchito a m'nyumba ndi mabwana awo m'Zambia kuyambira 1900 mpaka 1985. Chimene limaonetsa momveka n'chakuti nthawi yonse ya atsamunda ntchito ya m'nyumba inali ya amuna, ndipo inali imodzi mwa ntchito zolemba anthu ambiri zedi. Madona sankafuna akazi achikuda m'nyumba zawo, mwa zina chifukwa chosakhulupirira amuna awo omwe. Amuna achikuda nawonso sankafuna kuti akazi awo kapena ana awo aakazi akagwire m'nyumba ya mzungu, pa chifukwa chomwechomwecho. Nkhondo yachiwiri itatha boma linayesa kukopa akazi kuti alowe ntchitoyi, n'cholinga choti amuna amasuke kupita kumigodi ndi kumapulazi, koma zinakanika. Ndiye mwamuna amene kumudzi sakanayerekeza kugwira mthiko pamaso pa apongozi ake ndi amene ankavala epuloni m'tauni.

Agogo anachoka chakufupi ndi kwa Mpanshya ali kamnyamata, nkhondo ili mkati, n'kuyenda pansi mpaka ku Lusaka. Sanayambe ndi kuphika. Palibe amene ankayamba ndi kuphika. Khitchini ya mzungu inali ndi makwerero ake. Pansi penipeni panali pikinini, wowaza nkhuni, wotunga madzi ndi wokwecha mapoto. Akakula ankasenda mbatata ndi kusosola nkhuku. Wina ankapita patebulo, kuvala zoyera ndi kuperekera mbale. Pamwamba pa onse panali khukhi, amene ankalandira zambiri ndipo anzake ankamuopa kuposa dona mwiniwake. Agogo anaphunzirira kwa khukhi wina wachikulire wa ku Nyasaland. Amuna a kumeneko ankafunidwa kwambiri, popeza ambiri anadutsako m'sukulu za mishoni ndipo ankatha kuwerenga. Koma mkuluyo sankaphunzitsa ndi pakamwa. Unkaba ndi maso. Nthawi yokanda buledi ikakwana ankakutuma kumadzi, chifukwa wodziwa buledi lero mawa akhoza kukulanda ntchito.

Tangoganizani zimene anthuwa ankadziwa. Sitovu inali ya nkhuni, ya mtundu wa Dover, yopanda nambala iliyonse yosonyeza kutentha. Agogo ankati unkalowetsa dzanja mu uvuni n'kumawerenga chamumtima, ndipo pamene dzanja lakanira ndi pamene unkadziwa ngati moto uli wa buledi, wa keke kapena wa nyama. Unkadziwa nkhuni zoyaka msanga n'kuzima ndi nkhuni zosunga moto. Yisiti ya m'paketi sinkapezeka nthawi zonse, ndiye ankasunga yawo m'botolo, ya madzi a mbatata ndi shuga, n'kumaidyetsa ngati kamwana. Bwana akanyamuka ulendo woyendera midzi, khukhi ankaboola chulu, n'kusonkhamo moto, chulucho n'kusanduka uvuni, ndipo buledi ankatuluka m'tchire momwemo. Supu, nyama yowotcha, kasitadi, pudingi, zonsezi anaziloweza popanda buku, zakudya zimene sanakule nazo komanso zimene sankaloledwa kukhala pansi n'kudya. Munthu wotere lero tikanamutcha chef ndipo akanaoneka pa TV. Nthawiyo ankatchedwa "boy" mpaka imvi.

Tsono kalata ija. Munthu akamachoka pantchito, dona ankalemba mizere itatu kapena inayi: wagwira zaka zakuti, ndi waukhondo, samwa, buledi amamutha. Pamodzi ndi chitupa, chimene mwamuna wachikuda ankayenera kuyenda nacho m'tauni, kalatayi ndiyo inali chuma chonse cha khukhi. Za agogo zilipo zinayi, m'kachitini ka tiyi, ndipo imodzi inaduka popindira. Vuto la satifiketi yotereyi n'lakuti mwini wake weniweni anali wolemba uja. Mukayambana tsiku lomaliza, zaka khumi zinkapita ndi mphepo. Agogo ankati ukalandira kalata, usanaionetse paliponse, uyambe wapita nayo kwa mphunzitsi kapena kwa kalaliki akuwerengere, chifukwa madona ena ankamwetulira pokupatsa pepala limene mkati mwake akuti ndiwe wakuba. Ndikamamva anzanga akunyoza pepala la koleji kuti kuphika ndi manja basi, ndimakumbukira kachitini kaja. Manja agogo anali nawo. Chimene analibe ndi umboni woti munthu mmodzi wokwiya sangaufafanize.

Manyazi amene amadala a kwathu amakumbukira anachokera apa. Khukhi ankagona m'kanyumba ka kuseri, kufupi ndi mpanda, nthawi zambiri mkazi ali kumudzi. Ankalandira phoso la unga, mchere ndi nyama yotsika imene mabutchala ankaigulitsa poyera ndi dzina loti "boy's meat". M'masitolo ambiri munthu wakuda ankagulira pakazenera ka m'mbali, osaloledwa kulowa pakhomo. N'chifukwa chake ndale za ufulu zinayambira kufupi kwambiri ndi mimba. M'zaka za m'ma 1950 chipani cha African National Congress cha Harry Nkumbula chinatsogolera anthu kunyanyala mabutchala ndi masitolo a tizenera. Kenneth Kaunda anasiya kudya nyama chifukwa cha chipongwe cha m'mabutchala momwemo, ndipo m'buku lake la 1962, Zambia Shall Be Free, anasimba mmene anatulutsidwira m'kafe ya azungu ku Kitwe. Lamulo lotsegulira aliyense mahotela, makafe ndi nyumba za kanema linadza mu 1960. Kufikira chaka chimenecho, munthu ankatha kuphika mbale kuseri kwa khoma n'kumenyedwa akafuna kuigula kutsogolo kwa khoma lomwelo.

Agogo aakazi ankaseka posimba kuti anakhala ndi khukhi m'banja zaka zambirimbiri koma buledi wa amuna awo anamulawa kamodzi kokha, pa Khrisimasi ina atapuma kale ntchito. Akabwera kumudzi ankakhala pamkeka kudikira nsima monga mwamuna wina aliyense. Kuphika kunali yunifomu, ankaivulira pageti.

Ufulu utabwera mu 1964, ophika ena anangosintha mabwana: mzungu anatuluka, m'nyumba yomweyo n'kulowa mkulu wa boma wachikuda. Amene anatsalira m'nyumba za anthu anadikira mpaka 2011 kuti boma liike malipiro otsikitsitsa a antchito a m'nyumba, zaka 47 chilandirireni ufulu. Koma dziko latsopano linafunanso wophika wa mtundu wina. Lusaka inasanduka mzinda wa misonkhano. Mu September 1970 atsogoleri a mayiko a Non-Aligned Movement anasonkhana ku Mulungushi, ndipo alendo otere sadyetsedwa ndi khukhi mmodzi ndi pikinini wake. Khitchini ya hotela imayendera dongosolo limene Mfalansa wina, Auguste Escoffier, analikhwimitsa ku Savoy Hotel mu London m'zaka za m'ma 1890. Iyeyu anaphikirapo asilikali pankhondo, ndipo khitchini yake anaiyala ngati gulu la nkhondo: uyu wa misuzi, uyu wa nsomba, uyu wa zowotcha, uyu wa makeke, onse akumvera mkulu mmodzi. Buku lake, Le Guide culinaire, linatuluka mu 1903, ndipo mpaka lero mthunzi wake uli m'masilabasi athu.

Dongosolo lotere limafuna anthu ophunzitsidwa mofanana, otchula zinthu ndi mayina amodzi. Kuphika kunalowa m'kalasi motero. Sukulu ya boma ya za mahotela, Hotel and Tourism Training Institute, inakhazikika pa Fairview Hotel mu Church Road, ndipo lero imatchedwa Zambia Institute for Tourism and Hospitality Studies. Mu 1998 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lokhazikitsa TEVETA, bungwe limene limalembetsa makoleji a luso, kuvomereza masilabasi ndi kuyang'anira mayeso. Wophika tsopano akanatha kukhala ndi pepala limene dona sangang'ambe.

Pali mbiri ina imene sinalembedwe kwenikweni, ndipo ife a m'mbali mwa msewu ndi imene timaiona tsiku ndi tsiku. Akazi sanadikire koleji. Basi ikaima pamsika wa pa Luangwa Bridge, kufupi ndi mlatho wachiwiri umene unamangidwa mu 1968, mumakumana ndi nsomba zowamba zitaunjikidwa pamatebulo, nsomba zokazinga, nsima ikutuluka nthunzi, malambe, masau pa nyengo yake, madengu ndi zipewa. Amayi a pamenepo amadziwa kuti basi ya ku Chipata imaima mphindi zowerengeka, kuti mafuta azikhala atatentha kale isanafike, kuti nsomba yosawambidwa bwino imayamba fungo isanafike ndi ku Chongwe komwe. Palibe anawapatsa kalata.

M'tauni zinakula ndi njala. Mtengo wa mkuwa utagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, chuma chinayamba kudwala. Mu December 1986 anthu a ku Copperbelt anachita zipolowe chifukwa cha mtengo wa unga, mu June 1990 Lusaka nayo inayaka pa nkhani yomweyo, ndipo makampani a boma atayamba kugulitsidwa m'zaka za m'ma 1990 amuna ambirimbiri anabwerera kunyumba ndi makalata ochotsedwa ntchito. Imene inasunga makomboni ndi mbaula ya mayi: vitumbuwa pageti la sukulu, nsima ndi kapenta ku Soweto, nkhuku ya kumudzi ndi ifisashi pa Thornpark. Muone bwino apa. Kuphika kwa ndalama kunadzaza akazi panthawi imene ndalama zake zinachepa ndiponso ulemu wake unatsika. Kuseka kwa anyamata kuja n'kwa posachedwa kuposa mmene iwo akuganizira.

Amene analumikiza njira ziwirizi poyera ndi amayi Sylvia Banda. Anayamba ndi kalesitilanti kakang'ono mu Lusaka m'zaka za m'ma 1980, akuphika zakudya zathu zomwezi. Bizinesiyo inakula, anatsegula koleji yawo ya zophika, analemba buku la maphikidwe a Chizambia pamodzi ndi amuna awo a Hector Banda, ndipo kudzera mu Sylva Food Solutions anaphunzitsa alimi a kumidzi, ambiri a iwo akazi, kuyanika ndiwo zamasamba mwaukhondo kuti zigulitsidwe m'mapaketi. Mfutso umene agogo aakazi ankayanika pamphasa, ife ana n'kumaunyoza kuti ndi ndiwo za mwezi wa njala, unalowa m'shopu uli ndi mtengo pamwamba.

Koleji yathu inali nyumba wamba yogonamo imene anaigumula makoma awiri. Tinalipo ophunzira osakwana 30, uvuni umodzi wa magetsi, masitovu awiri a gasi, ndi mphunzitsi wamkulu amene anagwirapo m'mahotela zaka zambiri, woti ali pakhomo ankadziwa ndi mphuno kuti msuzi wa wina wagwira pansi. Nthawiyo CDF inali isanakule, amalume anachita kugulitsa mbuzi. Mwezi woyamba sitinayatse moto. Unali mpeni basi: kagwiridwe kake, kanoledwe kake, kudula anyezi ndi kaloti m'misinkhu ya mayina a Chifalansa. Kenako misuzi isanu imene amati ndiyo inabereka misuzi ina yonse: béchamel, velouté, espagnole, hollandaise ndi wa matimati. Ndinkaloweza mayinawa m'minibasi, kondakitala akukuwa m'khutu. Tsiku limene tinaphika béchamel ndinaseka ndekha, chifukwa agogo ankaudziwa bwino, kungoti iwo ankati msuzi woyera wa dona. Silabasi yathu inali khitchini ya pa Ridgeway yomwe ija itamanga tayi.

Komabe ndisanamize koleji. Inandipatsa zinthu ziwiri zimene agogo ndi amayi a pamlatho sanapatsidwe. Choyamba ndi chifukwa chake cha ukhondo. Aliyense amadziwa kusamba m'manja, koma si aliyense amadziwa kuti tizilombo timaswana kwambiri chakudya chikakhala pakati pa madigiri 5 ndi 60, kuti mpunga wophika wogonera patebulo ukhoza kugwetsa ukwati wonse ngakhale ukununkhira bwino, kuti thabwa limene wadulirapo nkhuku yaiwisi sudulirapo kabichi wa saladi. Amene munali mu Lusaka pa kolera ya 2017 ndi 2018 mukukumbukira asilikali akuchotsa ogulitsa m'misewu, ndipo pa ya 2023 ndi 2024 munaona Heroes Stadium itasanduka chipatala, masukulu atachedwa kutsegulidwa. Mliri ukabwera, woyamba kutsekeredwa ndi wogulitsa chakudya. Kuyambira 2019 tili ndi lamulo la Food Safety Act, ndipo wogwira chakudya cha anthu amafunika kupimidwa kuchipatala n'kukhala ndi satifiketi yake. Amene ali ndi mapepala amenewa amatsegula msanga, ena akali kudandaula panja.

Chachiwiri ndi masamu, phunziro limene tonse tinkaligonera. Mayi amagulitsa nsima tsiku lonse, madzulo amamasula mfundo ya chitenje n'kuona ndalama, mtima n'kukhala pansi. Koma sanawerengere malasha, saladi, minibasi ya ku Soweto, mbale zitatu zimene ana adya, ndiwo zotsala, ngakhale thukuta lake lomwe. Ku koleji anatiumiriza kuyeza nkhuku isanaphikidwe ndi itaphikidwa, kuwerenga kuti kabichi mmodzi amatulutsa mbale zingati, ndi kusunga lamulo lakuti zogula zisapitirire kwambiri gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa mbale. Anzanga amene mabizinesi awo akali moyo si amene ankaphika bwino kutiposa tonse. Ndi amene ankakhala maso pa phunziro limeneli.

Chodabwitsa n'chakuti luso la agogo nalo linabwerera. Chilala cha 2024 chitaphwetsa Kariba, magetsi n'kumasowa pafupifupi tsiku lonse, ophika makeke a m'komboni amene ankangodziwa kupotokola nambala ya uvuni anabweza maoda. Amene ankadziwa kuyala mchenga m'chipoto, malasha pansi ndi pamwamba, n'kuyesa moto ndi dzanja, anadya bwino chaka chimenecho.

Nanga ukamaliza umapita kuti? Kum'mwera kwathu kuli Lower Zambezi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1983, ndipo malojii a kumeneko, monganso a ku South Luangwa ndi ku Livingstone, amalemba ophika. Dziwani kuti ambiri a m'tchire amatseka nthawi ya mvula, ndiye ndalama ya miyezi ya chilimwe iyenera kukufikitsani ku masika. Kuli makantini a migodi ku Solwezi ndi ku Kalumbila. Kuli makhitchini a masukulu ogonera komweko ndi a zipatala, monga cha St Luke's kwathu kwa Mpanshya, kumene wophika ayenera kudziwa mbale ya wodwala shuga ndi ya mwana wonyentchera, ntchito yopanda zithunzi za pa Facebook koma yosatha. Chibwerereni Shoprite mu 1995 ndi Manda Hill mu 1999, malo a nkhuku ndi tchipisi achuluka, ngakhale kuti kumeneko umaphunzira liwiro kuposa kuphika. Ndipo kuli kudzilemba wekha ntchito: kitchen party, chilanga mulilo, matebeto, maliro, makeke a oda ya pa WhatsApp.

Musayembekezere chipewa chachitali chaka choyamba. Pa attachment yanga, pamalo ena amene sinditchula, ndinakwecha mapoto miyezi itatu osalandira ngakhale ya minibasi, ndipo mkulu wa m'khitchini ankanditumiza ku stoo nthawi iliyonse akamasakaniza zokometsera zake. Ndinazindikira kuti pikinini sanafe, anangosintha dzina. Kusiyana kwake n'kwakuti lero kuli malamulo oti ungawagwire. Lamulo la Tourism and Hospitality la 2015 limati service charge ya 10 peresenti imene mlendo amalipira m'hotela ndi ya antchito. Ambiri amalowa ntchito osadziwa zimenezi, ndipo pali mabwana amene amakondwa kuti sakudziwa.

Mu 2022 boma linakweza CDF kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse, ndipo mbali ina ya ndalamazi ndi ya achinyamata ofuna maphunziro a luso. Mwana wa ku Shikabeta amene amalume ake alibe mbuzi tsopano ali ndi khomo. Koma pamene pagwa ndalama pamamera makoleji ngati bowa, wodyedwa ndi wakupha yemwe. Musanalembe dzina la koleji pafomu, funsani ngati inalembetsedwa ku TEVETA ndiponso ngati mayeso ake ndi a TEVETA. Pitani mukaone khitchini ndi maso anu, muwerenge masitovu, muwerenge ophunzira. Mukapeza anthu 60 pa uvuni umodzi, mudzatuluka ndi manotsi okongola ndi manja osadziwa kanthu. Pepala la koleji yosalembetsedwa silisiyana ndi kalata ya dona: limagwira ntchito pokhapokha wowerengayo akamudziwa wolemba.

Chimene chimandiwawa mpaka pano n'chakuti zakudya zathu zinalowa m'kalasi ngati alendo, sabata imodzi kumapeto kwa temu. Chonsecho mlendo wa ku loji, atadya pasta kwawo moyo wake wonse, amafunsa za chikanda. Chikanda chili ndi sayansi yake: tinthu ta pansi ta maluwa a m'madambo, nsinjiro, soda ndi tsabola, ndipo ukalakwitsa muyeso wa soda chimawawa kapena chimakana kugwirana. Chafunidwa kwambiri moti zambiri zimachokera ku Tanzania ndipo m'madambo ena zayamba kutha, nkhani imene wophika aliyense ayenera kuidziwa. Chidulo cha phulusa chimene chimafewetsa delele, muzu wa munkoyo umene umasungunula phala kuti likhale chakumwa, kafutsidwe ka chibwabwa kuti chisachite nkhungu, zonsezi zili m'manja mwa amayi a ku Rufunsa, zosayezedwa ndi sikelo ndiponso zosalembedwa. Escoffier sanatulukire misuzi ya kwawo. Anaiyeza, anaikonza, n'kuilemba, dziko lonse n'kumailoweza m'minibasi.

Ntchito yanga yoyamba ya malipiro nditatenga pepala inali ukwati wa anthu 200 ku Chongwe, ndipo panalibe amene anafunsa za hollandaise. Ankafuna nsima. Pa mayeso onse amene ndinalemba panalibe funso la nsima ya anthu 200, ndiye ndinaima pambali pa mayi wina wa gulu la amayi a kutchalitchi n'kuba ndi maso, monga anachitira agogo. Mphika wake ndi dilamu lodulidwa pakati, lokhazikidwa pa mafuwa atatu akuluakulu. Madzi akangofunda mumathira unga wa phala, osadikira kuti awire, apo ayi mudzalimbana ndi mibulu mpaka mawa. Phala liwire nthawi yaitali, lizichita kulavula, chifukwa nsima yosapsa phala imadziwika pakamwa ngakhale muivundule bwanji. Povundula pamafunika anthu awiri osinthana pa mthiko wautali ngati nkhafi, wachitatu akuwaza unga pang'onopang'ono, ndipo roller meal imamwa madzi mosiyana ndi breakfast, choncho muyeso wa dzulo sungaudalire lero ngati thumba lasintha. Ikalimba mumasolola nkhuni ziwiri, n'kuvundikira kuti ipse ndi nthunzi yake. Poomola chipande chiziviikidwa m'madzi ntanda uliwonse, mitanda n'kumasanjidwa m'cooler box yoyalidwa pulasitiki kuti ifike patebulo ikali yotentha. Mayiyo anandiuza kuti thumba la 25 kg silichepera anthu 100, pokhapokha ngati akuchimuna achokera kum'mawa. Tsiku limenelo anachokera ku Katete, ndipo tinatsegula thumba lachitatu.